Paipi ya oyilo simangidwa ndi mphira

Chimene chimandipsetsa mtima pa ntchito yathu ya umakaniko ndi njinga yamoto yobwera pa galaja paipi ya oil cooler itakulungidwa ndi mphira ya chubu, pamwamba atamangapo waya, m'mbali atamata silikoni. Mwini wake amanena monyadira kuti analipira zochepa ndipo kudontha kunasiya. Kumasiyadi, kwa masiku ochepa. Ine ndimaumirira kuti paipi yodontha imachotsedwa yonse, n'kuikapo ina pamodzi ndi mawashala atsopano, ndipo wochita mwina wangobisa vuto pansi pa mphira.

Njinga zambiri za kabaza, monga Boxer ya Bajaj, zilibe oil cooler, kachipangizo koziziritsa oyilo, n'chifukwa chake anyamata ambiri ophunzira ntchito sakadziwa bwino. Timakapeza pa Pulsar 220, pa Apache RTR 200 ya TVS, pa Suzuki DR650 ndi Bandit, komanso pa BMW GS zina zimene alendo amadutsa nazo muno. A Suzuki anayamba kudalira kwambiri oyilo poziziritsa injini pa GSX-R750 ya mu 1985, ndipo pa njinga zotere oyilo amagwira ntchito ziwiri, kufewetsa zitsulo ndi kuchotsa kutentha. Amadutsa m'mapaipi akukankhidwa ndi pampu, atatentha mpaka kupitirira madigiri 100. Mphira ya chubu ikakumana ndi oyilo wotentha imafewa n'kutupa, ndipo silikoni akanyenyeka tizidutswa take timakatseka tinjira ta oyilo m'kati mwa injini. Onaninso pamene mapaipiwa amakhala: kumbuyo kwa tayala lakutsogolo, pamene matope ndi timiyala zimamenya, pafupi ndi ekizozi. Akaphulika pa liwiro, pampu imataya oyilo m'kanthawi kochepa, mphepo n'kumuwazira ku tayala lakumbuyo. Mwamwayi injini imanoka. Mwatsoka munthu amagwa pa kona asanadziwe n'komwe kuti chachitika n'chiyani.

Kukhetsa oyilo ndi kuchotsa zophimba aliyense amatha. Luso lili pa mfundo pamene paipi imakumana ndi cooler. Cooler ndi ya aluminiyamu, bawuti ndi yachitsulo, ndipo ziwirizi zikakhala pamodzi zaka zambiri m'madzi ndi m'matope zimagwirana, pakati pamatuluka unga woyera wa dzimbiri la aluminiyamu. Wopupuluma akakoka sipanala mwamphamvu, mazinga amatuluka pamodzi ndi bawuti, kapena khosi la cooler limang'aluka, ntchito ya mapaipi n'kusanduka yogula cooler yatsopano. Amisiri akale amene anatiphunzitsa sankalola kuti mwana wa ntchito agwire malo amenewa ndi sipanala imodzi. Ina igwire khosi kuti lisapotoke, ina imasule, utathira kaye mafuta omasula dzimbiri n'kudikira. Pobwezera ankati uyambe ndi zala, bawuti ilowe mazinga angapo popanda kulimba, sipanala ibwere pomaliza. Ankatiyang'ana m'manja osati pakamwa, ndipo ukangoti "yalimba yokha" ankakumasulitsa zonse kuti uyambirenso iwo akuona. Za mawashala ndiye sankaseka nazo. Bawuti ya banjo, imene ili ndi bowo lodutsa oyilo, imafuna mawashala awiri, ina pansi ina pamwamba. Washala ya mkuwa imatseka chifukwa ndi yofewa, imaphwanyika pang'ono n'kulowa m'timizere ta chitsulo. Ikamangidwa kamodzi imauma, ndipo mukaiyang'anitsitsa mumaona kamzere kozungulira kamene bawuti inadinda. Kuibwezera momwemo n'kumene kumachititsa anthu kumangitsa kwambiri mpaka kudula bawuti, pakuti bowo lija limaifooketsa. Zinthu zikavuta, ya mkuwa mukhoza kuiwotcha mpaka ifiire kuti ifewenso, n'kuipala bwino. Ya aluminiyamu imatayidwa basi. Ine ndimakonda mkuwa, chifukwa pomanga umauza dzanja pamene wagwira, ngakhale muyezo weniweni uli m'buku la njingayo ndipo uyenera kutsatidwa.

Ena amati ndimalankhula ngati aliyense ali ndi ndalama, pamene mapaipi enieni amachita kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, njinga itaima. Kudandaula kumeneku n'komveka, koma njira ilipo. Ngati zitsulo za kumapeto zili bwino, anthu okonza mapaipi a hydraulic a mathirakitala amatha kufinyirapo paipi yatsopano ndi makina awo, bola ikhale yopirira oyilo wotentha ndipo utali wake ufanane ndi yakale, kuti isapindike kapena kukhudza ekizozi. Chimene ndimakana ndi paipi ya petulo yomangidwa ndi kilampu, chifukwa sinapangidwire kutentha ndi mphamvu zimenezi. Enanso amati ingochotsani cooler n'kutseka mabowo, njinga imayendabe. Imayenda m'mawa wa mu Juni ku Dedza. Ikatsikira ku Chikwawa mu Okutobala itanyamula anthu awiri, oyilo amapyapyala ndipo zitsulo zimayamba kudyana. Pa injini zina oyilo amayenera kudutsa mu cooler asanafike kwina, moti kutseka mabowo n'kuipha pomwepo.

Makasitomala amawerenga mabawuti anayi n'kufunsa chifukwa chimene ndikutchulira mtengo wotere, ena mpaka kupempha kuti ndibwezere oyilo wakuda amene ndakhetsa. Saona kuti mapaipi akalowa ntchito imakhala isanathe. Injini iyenera kulizidwa mpaka itenthe, pakuti mfundo yosadontha pozizira ikhoza kuyamba kuchita thukuta ikatentha. Ndimapukuta paliponse n'kukhudzitsa kapepala koyera pa bawuti iliyonse, kenako ndimazimitsa, kudikira, n'kuonjezera oyilo amene cooler ndi mapaipi zameza. Nthawi imeneyi imalowa mu mtengo, ndipo sindiichotsera munthu ngakhale atandiuza kuti kutsidya kwa msewu amupangira ndi theka.