Ndinadya malata a mai anga chifukwa cha kamendulo

Abale anzanga, lero ndiulule. M'chaka cha 2017 ndinadya malata a mai anga. Sindinawamwere mowa ayi, sindinahongere chibwenzi monga achitira anzathu ena kuno ku Joni. Ndalamazo ndinalipirira mpikisano woti ndikadzizunze ndekha kuyambira mbandakucha mpaka usiku, ndipo chimene ndinapata ndi kachitsulo kokoloweka m'khosi basi.

Ine kwathu ndi ku Senga Bay m'boma la Salima, mwana wa msodzi. Ntchito yokonza njinga ndinaphunzirira pansi pa mtengo wa mango pa Kamuzu Road, kumata machubu ndi kuwongola masipoko a akabaza. Mu 2009 ndinakwera basi kubwera kuno, ndipo mwamwayi ndinapeza ntchito m'shopu ya njinga mu mzinda wa Port Elizabeth, womwe kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha. Kumudzi amangoti ndiri ku Joni, chonsecho Johannesburg ali kutali ndi kuno makilomita oposa 1,000.

Chaka chiri chonse mvula ya kwathu ikamapita kumapeto, shopu yathu inkadzaza ndi njinga zachilendo. Njinga yoti mutha kuinyamula ndi zala ziwiri, koma mtengo wake woposa galimoto. Eni ake madokotala, aphunzitsi, maloya, ena agogo a imvi mbuu. Onsewo akukonzekera Ironman, mpikisano umene umachitika mu mzinda uno kuyambira 2005.

Kwa inu amene simunaumvepo, ndi masewera atatu olumikiza, azungu amati triathlon. Poyamba mumasambira m'nyanja makilomita 3.8. Mukangovuuka mumakwera njinga makilomita 180, kukhala ngati kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe n'kubwerera, kungochotsapo pang'ono. Mukatsika njingayo, miyendo itasanduka phala, mumathamanga makilomita 42.2, ndiye kuti kuchoka pa Kamuzu Road kukagunda ku Senga Bay n'kubwereranso. Zonsezi tsiku limodzi, ndipo wotchi siima ngakhale mukusintha nsapato kapena muli kuchimbudzi. Malire ake sapitirira maola 17. Kusambira kokha mukapyola maola awiri ndi mphindi 20, amakuuzani kuti zikomo, kavaleni.

Misala imeneyi inayambira ku Hawaii mu 1978. Kunabuka mkangano wakuti wolimba kwambiri ndani pakati pa wosambira, wopalasa ndi wothamanga. Anthu 15 anati tiyeni tione, 12 anamaliza, ndipo mkulu wina Gordon Haller ndiye anapambana pa maola ochepera pang'ono 12. Mkangano woti kwathu ukanathera pa bawo, anzathu anaupanga bizinesi ya dziko lonse.

Nanga ine ndinalowamo bwanji? Mai wina wachizungu, wazaka za m'ma 60, ndinkamukonzera magiya chaka ndi chaka. Tsiku lina pocheza anandifunsa ngati anthu a kwathu amadziwa kusambira, poti Malawi alibe nyanja yamchere. Sanafunse mwachipongwe, ndikuikira umboni. Koma funsolo linandilasa. Ine amene ndinkamira kukakola khoka pansi ndisanayambe Sitandade 1! Ine amene bwato linandigudubuza pa mwera ndiri ndi zaka 12 n'kukafika ndekha kumtunda! Ndiponso chaka chiri chonse ndinkaima m'mbali mwa msewu ndi pampu kuonerera, ndipo anthu akuda mu mpikisanowo ndinkachita kuwawerenga. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Vuto linali ndalama. Yolembetsera yokha inkapikisana ndi malipiro anga a mwezi wathunthu, ndipo amafuna mulipiretu kudakali miyezi. Njinga abwana anga anandigulitsa yakale yoti ndizidula pang'onopang'ono. Panalinso nsapato, chisoti, ndi chovala champhira chosambirira m'madzi ozizira. Pamene ndinkawerengetsa zonsezi, kubanki kunali ndalama imene ndinasunga kwa miyezi 14: ya malata 32 a nyumba ya mai. Ndinali nditalonjeza kuti mvula ya chaka chimenecho idzawapeza ali pansi pa malata.

Ndinalipira Lachiwiri. Akazi anga ndinawauza Loweruka.

"Bambo, mwati mwatani?"

Ndinabwereza.

"Ndiye mukapambana akupatsani zingati?"

Ndinafotokoza kuti ndalama amalandira ndi akatswiri okhaokha. Ife wamba tikachita bwino zedi pa gulu la msinkhu wathu timapata malo okapikisana ku Hawaii, komwenso umalipira wekha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Apongozi anga mukawauze nokha. Pakamwa panga musadzerepo."

Mai sindinawauze. Ndinaimbira achimwene anga aakulu, amene amapalasa kabaza pa Kamuzu Road pomwepo. Ndinayamba ndi kunamizira kuti zinthu zavuta ku Joni, koma bodza linandikanika, ndinangonena zoona. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ine ndimapalasa tsiku lonse anthu n'kumandilipira. Iwe ukulipira kuti upalase? Akulodza ndani kumeneko?"

Atatha kuseka anafunsa za malata. Apo kuseka kunatha.

Zokonzekera sinditaya nazo nthawi. Kudzuka 4 koloko, kuthamanga mumdima, kukagwira ntchito, Lamulungu kupalasa maola asanu kapena asanu ndi limodzi mpaka abusa anatuma anthu kudzaona ngati ndikudwala. Chimene chinandichititsa manyazi ndi madzi. Kusambira kwathu kwa kunyanja ndi kwa mutu pamwamba, maso ali pa bwato. Kumapulumutsa moyo, koma pa makilomita 3.8 kumathyola khosi. Ndinachita kuphunzira mwatsopano ngati mwana, nkhope m'madzi, kupumira m'mbali, mnyamata woti ndingamubereke akundikalipira. Madzi ake ozizira olasa m'mafupa, amchere ngati a m'mphika wa usipa wouma. Ndipo malo amene timaphunzirira ali pafupi ndi mlatho wotchedwa Shark Rock Pier. Munthu wokula akuopa ng'ona ndi mvuu, n'kumupatsanso dzina lotere!

Mu January 2018 achimwene ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Munalibe mawu. Munali mabeseni atatu ndi chidebe pakati pa nyumba ya mai, mphasa itapindidwa pakona, thumba la ufa litakwezedwa pa mpando koma litanyowa kale. Chithunzicho ndinachiona ndiri m'kabudula wa njinga, botolo la madzi m'manja. Ndinatumiza kandalama kogulira pepala lapulasitiki lofolera, n'kukwera njinga. Walira mvula walira matope, koma apa matope anagwera munthu amene sanalire nawo.

Tsiku linafika, Lamulungu lina mu April 2018. Pa Hobie Beach panali khamu la anthu ovala zakuda zofanana, tizipewa tamphira kumutu, ngati nyerere zikusamuka. Ena akupemphera, ena akulira, ena ali pamzere wa chimbudzi kachitatu. Ankatilowetsa m'madzi pang'onopang'ono, komabe mkatimo munali nkhondo: wina chidendene pakamwa panga, wina chigongono m'nthiti. Ndinamwa mchere wokwanira chaka. Koma titapita patali, mafunde atayamba kutinyamula ndi kutitsitsa, ndinaona anzanga ambiri akuimaima, akusuzumira uku ndi uku. Ine thupi linakumbuka lokha. Funde sulimbana nalo, umalilola likukweze, iwe n'kupalasa potsika. Bambo anga malemu anandiphunzitsa zimenezi popanda ndi buku lomwe. Ndinavuuka patatha ola limodzi ndi mphindi 24, ndipo kunena zoona, pa mphindi imeneyo malata sanali m'mutu mwanga.

Panjinga ndi pamene mzinda uno unaonetsa chifukwa chake amautcha wamphepo. Kwathu mukamapita kumsika pa mphepo mumabisala kumbuyo kwa mnzanu. Kuno ndi mlandu: pakati pa inu ndi wa patsogolo pazikhala mamita 12, apo ayi woyang'anira wa pa njinga yamoto amakulangani kukaima m'tenti mphindi zingapo. Mphepo yako ndi yako. Pamafunikanso kudya uli pachishalo, ngakhale usakufuna, chifukwa njala ikakupeza pa kilomita 140 siichoka. Amadya timapaketi ta zotsekemera zonga uchi. Ine ndinawonjezera mbatata yophika imene akazi anga anandikulungira m'mapepala.

Chapakati pa ulendo tayala lakumbuyo linaphwa. Lamulo likuti wachibale kapena mnzako woonerera asakuthandize. Apo ndinamwetulira. Ndadutsa anthu angati m'mbali mwa msewu, njinga za mamiliyoni zitagona, iwo akulimbana ndi tayala ngati akusenda chinangwa ndi supuni? Ine mphindi zinayi sizinakwane, ndinali nditabwerera pamsewu. Pansi pa mango paja sipanapite pachabe.

Ndidakapalasa choncho, mnyamata wa mu mzinda momwe muno, Kyle Buckingham, anali atamaliza kale zonse zitatu pa maola asanu ndi atatu ndi mphindi zochepa. Kwa akazi anapambana Lucy Charles wa ku Britain. Iwo akusamba, ine ndisanavale n'komwe nsapato zothamangira.

Kuthamanga kwake n'kozungulirazungulira mu msewu wa m'mbali mwa nyanja, Marine Drive, moti pothera mumadutsa pafupi kangapo, kumva chimkuzamawu chikutchula maina a anzanu, inu n'kukhotanso kubwerera. Amene anakonza zimenezi ngwankhanza. Makilomita 15 oyamba ndinathamanga. Kenaka mimba inakana zotsekemera zija, ndinayamba kudalira Coca-Cola ndi mbatatesi yothira mchere ya pa matebulo a m'njira. Dzuwa linalowa. Pa kilomita 29 minofu ya ntchafu zonse ziwiri inakokana nthawi imodzi, ndinangokhala pansi m'mphepete mwa msewu ngati thumba.

Pamenepo ndi pamene mabeseni aja anandipeza. Ndinayamba kuwerengetsa ngati wa pa golosale. Ndikasiya pano, malata apita. Ndikamaliza, malata apitabe. Palibe njira imene ikubweza lata ndi limodzi lomwe. Miyezi yonseyi ndinkadzinamiza kuti ndikuimira Amalawi, ndikuimira anthu akuda, ndikuyankha mai wachizungu uja. Nditakhala pa simenti yozizira ija ndinaona kuti palibe anandituma. Ndinkafuna ndekha, kamodzi m'moyo, kuchita chinthu chosadyetsa munthu aliyense, chosatumizidwa kumudzi, changachanga. Ambiri a ife kuno timakhala ngati mapaipi, ndalama kulowa uku kutulukira uko, ndipo tsiku limene paipi yafuna kumwako madzi, mudzi wonse umadabwa. Sindikuti ndinakhoza. Nyumba imene inadontha si yanga.

Ndiri mkati molingalira ndinamva mawu a Chichewa pakati pa phokoso lonse lija. Akazi anga, mwana kumbuyo, ali kuseri kwa chingwe.

"Bambo, dzukani! Malata a apongozi anga munadya aja mukufuna muwasiye pamsewu pano? Dzukani, anthu akuona!"

Sanandigwire, poti akanandichotsetsa mu mpikisano. Ndinadzuka ndekha mogwira mtengo wa magetsi. Ndinayamba kuyenda mitengo iwiri, kuthamanga umodzi, kenaka kuyenda umodzi kuthamanga iwiri. Mai wachizungu uja anandipeza pa kilomita 36, akuyenda mopendekeka ngati bwato lolowa madzi. Anandimenya paphewa osanena kanthu, n'kundipitirira. Inde, anandipitirira, ndipo sindinamupezenso.

Ndinaponda kapeti yofiira patatha maola 15 ndi mphindi 22. Wa chimkuzamawu anatchula dzina langa molipotoza, anandiveka mendulo, wina anandifunditsa chipepala chonyezimira. Ndinalira, osadziwa kuti ndikulirira chiyani. M'mawa mwake masitepe ndinkatsika chobwerera m'mbuyo, ndipo Lachiwiri ndinali pantchito kutsuka njinga za anzanga omwe ndinapikisana nawo.

Njinga ija ndinaigulitsa mu June, chovala champhira mu July. Malata anakwera pa nyumba mu September, mtengo utakwerako kale, moti 32 aja anasanduka 28 ndipo khonde linatsala la udzu. Akandifunsa ngati ndingabwerezenso ndimachedwa kuyankha, ndipo akazi anga kuchedwako sakukonda.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndi mendulo m'chikwama. Ndinakhala pansi pakhonde n'kuwafotokozera mai zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusankha nyemba.

"Ndinamva kalekale, mkulu wakoyu sasunga mawu," anatero. "Ufa unaonongeka uja unali wa miyezi iwiri."

Anaitembenuza menduloyo uku ndi uku, kuiluma pang'ono, n'kufunsa ngati ingagulitsike. Nditati ayi, anaikoloweka pa msomali pamene pamakhala lichero. Kenaka anafunsa kuti m'madzimo ndinali wachingati. Nditawauza kuti ndinasiya anthu mazanamazana kumbuyo, anangoti, "Bambo ako akanawasiya onse."

Tsiku lobwerera achimwene anabwera ndi kabaza yawo kuti akanditule pa Kamuzu Road. Nditati ndikwere pa kaliyala anatsika, n'kundipatsa mahandulo.

"Ayi bwana Ironman, palasani ndinu. Lero ine ndine pasinjala."

Njinga yachitsulo yopanda giya, chikwama changa kutsogolo, kumbuyo achimwene ndi thumba la usipa la akazi anga. Tisanathe ndi makilomita asanu ndi atatu omwe ndinapempha kuti tipumeko pamthunzi. Titafika pa siteji anandilipiritsa mtengo wonse wa ulendo, ati njinga ndi yawo.