Ku Makuzi, Pofunsa za Bafuta

Amene afika ku Makuzi, kummwera kwa Chintheche, amayamba wasimba za mchenga woyera ndi miyala ya m'nyanja. Ife tinakopeka ndi china. Pafupi pomwepo pali Bandawe wakale, pamene amishoni a Livingstonia anasamukira mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, ndipo manda a ena mwa iwo alipobe. Masiku amenewo antchito a pamishoni ankalipidwa nsalu, poti ndalama zinali zisanafale. Nsalu yoyera ya thonje ija tonse timaitcha bafuta.

Kodi abale athu, munayamba mwadzifunsa kuti dzinali linachokera kuti? Si la Chitonga, si la Chiyao, ngakhalenso Chingerezi. Ndi mawu a Chiperisiya, "bafta", kutanthauza chinthu choombedwa, basi. Amisiri a ku Gujarat m'dziko la India, makamaka mumzinda wa Bharuch, ankaomba nsaluyi, ndipo zombo za matanga zinkaitengera ku Zanzibar ndi ku Kilwa. Kumeneko Aswahili anasunga dzinalo. Amalonda a Chiyao anaisenza pamutu mpaka kunyanja kuno, ndipo lilime lathu, losakonda kugundanitsa "f" ndi "t", linaikapo "u" pakati.

Nsalu zambiri zimatchedwa ndi kwawo. Yopyapyala imene Angerezi amati "muslin" inatenga dzina ku Mosul, mzinda wa ku Iraq woyang'anana ndi mabwinja a Ninive kwa Mneneri Yunusu (A.S.), ngakhale yosalala koposa inkaombedwa ku Dhaka. Bafuta sanena kwawo. Amangonena ntchito ya manja.

Tisabise: njira imene inabweretsa bafuta ndi yomwenso inatenga anthu. Ku Nkhotakota kwa Jumbe, mikwamba ya nsalu inkasinthidwa ndi minyanga ya njovu, komanso ndi ana a eni ake. Ana athu a kumadrasa ayenera kumva zonse ziwiri.

Lero bafuta timamukumbuka pakagwa maliro, pamene tikuthamangira sanda kusitolo, mwina usiku, mwina pangongole. Mtumiki (S.A.W.) anakulungidwa m'nsalu zitatu zoyera za thonje zochokera ku Yemen. Nchifukwa chake mwamuna timamuveka zitatu. Mayi, malinga ndi ophunzira a fiqhi, zisanu. Agogo ena a m'mbali mwa nyanja amagula yawo akadali ndi mphamvu, nkuipinda bwino pansi pa sutikesi, ndipo amauza mwana mmodzi yekha pamene ili.