MUNDA WA UDZU WA ASILIKALI A NDEGE KU COLORADO

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi

Owerenga athu amene anafikapo ku Zomba, ku Limbe kapena ku Lilongwe anaona malo aakulu a kapinga wometedwa bwino, kumene anthu amayenda awiriawiri kapena anayianayi namamenya kampira koyera ndi ndodo. Masewera amenewo dzina lake ndi gofu. Sabata ino tifuna kukuuzani za bwalo lina la masewera omwewa limene liri kutali m'dziko la Amereka, pa sukulu yophunzitsa atsogoleri a asilikali a ndege. Anthu odziwa gofu akamatchula mabwalo okoma a asilikali, kawirikawiri amayamba ndi limeneli. Ife tasankha kulilongosola chifukwa ndi munda ndithu, wolimidwa pa nthaka yovuta ndi mvula yochepa, ngakhale mbewu yake ndi udzu umene sadya munthu kapena ng'ombe.

Poyamba tinene mwachidule m'mene masewerawa amayendera. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18. Dzenje lirilonse ndi laling'ono, kukamwa kwake kungopitirira pang'ono mainchesi 4. Munthu amayambira patali, mwina mayadi 150, mwina 400 kapena kuposa 500, namenya mpira kufikira utalowa m'dzenjemo, ndipo akatero amapita ku dzenje lina. Wopambana ndiye amene wamenya kochepa pomaliza maenje onse. Bwalo lotere limadya malo ngati maekala 150, ndiye kuti minda ya mabanja ambiri ndithu.

DZIKO LAKE

Colorado ndi chigawo cha kumadzulo kwa Amereka, kutali ndi nyanja. Kum'mawa kwake kuli chidikha chachikulu chopanda mitengo, ndipo kumadzulo kuli mapiri aatali otchedwa Rocky Mountains. Pamene chidikha chikomana ndi mapiriwo pali mzinda wa Colorado Springs, patsinde pa phiri la Pikes Peak limene kutalika kwake ndi mafiti 14,115. Munthu akatuluka mu mzindawo kulunjika kumpoto, posakhalitsa amaona kudzanja lamanzere nyumba zazitali zonyezimira ziri ndanda m'munsi mwa phiri. Imeneyo ndiyo sukulu ya United States Air Force Academy.

Lamulo loyambitsa sukuluyi analisaina Pulezidenti Dwight Eisenhower pa 1 April 1954. Kale malowo anali odyetsako ng'ombe. Boma linatenga maekala oposa 18,000, ndipo ophunzira anasamukirako m'chaka cha 1958. Oyamba anatsiriza maphunziro awo mu 1959, ndipo atsikana anayamba kulandiridwa mu 1976. Ophunzira amakhalapo ngati 4,000, ndipo aliyense amatha zaka 4 asanapatsidwe udindo wotsogolera asilikali anzake.

Malo ambiri a sukuluyi anawasiya tchire. Muli mitengo ya paini ndi zitsamba, ndiponso kamtsinje kotchedwa Monument Creek. Muli agwape, nkhukundembo zam'tchire, zimbalangondo, ndi nyama zina zazikulu ngati ntchefu zotchedwa elk. Nyamazi zimatulukira pa bwalo la gofu m'mawa ndi madzulo kudzadya msipu, pakuti m'dziko louma lotero palibenso pena pobiriwira chomwecho.

AMENE ANALIMANGA

Mabwalo a gofu pa sukuluyi ndi awiri. Loyamba, lotchedwa Blue, linatsegulidwa mu 1959. Lachiwiri, lotchedwa Silver, linabwera mu 1976. Onse pamodzi ali ndi maenje 36, koma lotchuka ndi loyambalo. Analipima ndi kulilemba ndi Robert Trent Jones, munthu wobadwira ku England mu 1906 amene anapita ku Amereka ali mwana. Iyeyu pa sukulu yaikulu ya Cornell anaphunzira za nthaka, za mbewu, za kupima malo ndi za kayendedwe ka madzi, zomwezo zimene amaphunzira alangizi a zaulimi. Pofika nthawi ya imfa yake mu 2000 anali atamanga kapena kukonzanso mabwalo ngati 500 m'maiko ambiri.

Dzina la mabwalowa ndi la Eisenhower, ndipo nchoyenera. Iye ndiye anatsogolera magulu a nkhondo amene anaolokera ku France mu 1944, ndipo pambuyo pake analamulira Amereka kuyambira 1953 kufikira 1961. Anakonda gofu kwambiri kotero kuti anaika kabwalo kakang'ono kophunzirirapo kuseri kwa nyumba ya boma ya White House. Mkazi wake anakulira mu mzinda wa Denver, momwemo m'Colorado, ndipo kumeneko ndiko kumene iye anadwala mtima mu September 1955 atasewera maenje 27 tsiku limodzi. Anachira, nabwereranso ku masewera ake. Mu 1963, atapuma kale pa udindo, anafika yekha pa sukuluyi kudzapatulira bwalo la dzina lake.

KUSEWERA PAMWAMBA

Bwaloli liri pa msinkhu wa mafiti pafupifupi 7,000, ngati pamwamba penipeni pa phiri la Zomba. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka. Mlendo akakwera kachitunda kakang'ono amapuma wefuwefu, koma mpira umauluka kutali kuposa kunsi: pamene ukanagwa pa mayadi 100, umafika pa 110 kapena pafupi pamenepo. Tsono munthu amene anazolowera kwawo amaponya mopitirira, nakafuna mpira wake m'mapaini.

Chosokoneza china ndi phiri lomwelo. Dziko lonse kumeneko linapendekera kum'mawa, kuchoka kuphiri kutsikira kuchidikha, koma maso a munthu saona bwino kupendekako chifukwa cha kukula kwa mapiri. Malo ooneka athyathyathya amakhala otsetsereka, ndipo nthawi zina pooneka ngati pokwera ndi potsika. Eni ake amalangiza mlendo kuti asanakankhe mpira ayambe wayang'ana kumene kuli phiri, chifukwa mpira umalithawa nthawi zonse. Aliyense amene anapimapo akalozera m'munda wa m'mbali mwa phiri adziwa kuti diso limanama, ndipo madzi ndiwo amanena zoona. Kuyenda maenje onse 18 ndi ulendo wa mamailosi oposa 4.

NTCHITO YA UDZU

Tsono tifike pa chimene chimakometsa bwalo, ndicho udzu. Malo osalala ozungulira dzenje, amene eni ake amawatcha green, ndiwo ovuta koposa. Masiku ano pomanga malo otere amakumba pansi, naika mipope yochotsa madzi, pamwamba pake miyala ing'onoing'ono mainchesi 4, kenaka mchenga wosakaniza ndi manyowa mainchesi 12. Amatero kuti madzi asadikhe ndi kuti nthaka isaume gwa ndi mapazi a anthu. Udzu wake amaumeta pafupifupi m'mawa uliwonse nthawi ya dzuwa, nautsiriza waufupi kwambiri, osafika ngakhale kota ya inchesi. Udzu wometedwa chotero mizu yake siipita pansi, choncho ukangosowa madzi masiku owerengeka umapsa.

Kamodzi kapena kawiri pachaka amayendetsapo makina oboola timaenje tambirimbiri tonga chala, nathiramo mchenga, kuti mpweya ndi madzi zifike ku mizu. Osewera amadandaula sabata imeneyo chifukwa mpira suyenda bwino, koma popanda ntchitoyo udzu ukanafa. Dzenje lenilenilo amalisuntha kawirikawiri kuti anthu asapondereze pamodzimodzi. Kuthirira amachita usiku, pamene kulibe dzuwa ndi mphepo zouma madzi.

Nyengo ya ku Colorado siithandiza. Kuyambira November kufikira March kumazizira koopsa, kumagwa chipale, ndipo udzu umagona nusanduka wofiirira. Mphepo youma yotsika kuphiri imaumitsa nthaka pamene chipale chasungunuka. Mu July ndi August kumagwa mvula ya mabingu masana, nthawi zina ya matalala aakulu amene amaboola udzu, ndipo osewera amathawa mphezi. Ogwira ntchito pa bwaloli sapuma: chaka ndi chaka amayambanso kutsitsimutsa zimene nyengo yaononga.

MADZI ACHOKERA KUTI?

Apa ndipo pagona nkhani. Mzinda wa Colorado Springs umalandira mvula ngati mainchesi 16 pachaka, theka chabe la mvula ya ku Lilongwe, ndipo ulibe mtsinje waukulu. Madzi ambiri akumwa amawatenga kutsidya kwa mapiri, nawayendetsa m'ngalande zoboola mapiriwo ndi m'mipope mamailosi oposa 100. Mu 2002 kunagwa chilala, ndipo anthu a mu mzindawo anaikiridwa masiku othirira kapinga wa pakhomo pawo. Mu June 2012 moto wolusa wa ku Waldo Canyon unatentha nyumba 346 za mu mzindawo, nufika pafupi ndi sukuluyi kotero kuti mabanja ena okhala m'katimo anasamutsidwa. M'dziko lotero munthu sangalephere kufunsa ngati nkoyenera kuthira madzi pa udzu wa masewera.

Yankho limodzi la sukuluyi ndi ili: kwa zaka zambiri madzi ochokera m'mabafa, m'makhichini ndi m'zimbudzi za pa sukulupo akhala akuyeretsedwa ndi kusungidwa m'madamu apadera. Madzi amenewo sakumwa, koma ndiwo akhala akuthirira mabwalo a masewera ndi kapinga. Kotero madzi amodzi amagwira ntchito kawiri. Za ndalama, lamulo la asilikali a ku Amereka limafuna kuti mabwalo a gofu adzilipirire okha mbali yaikulu ndi ndalama za osewera, osadalira msonkho wa anthu, ndipo ena amene analephera kutero anatsekedwa. Osewera ake makamaka ndi asilikali, opuma pa usilikali, mabanja awo ndi alendo awo.

Nanga asilikali afuniranji gofu? Eni ake amati munthu wokhala m'kampu kutali ndi kwawo afunika popumulira maganizo, ndipo awa ndi masewera amene mnyamata ndi nkhalamba angasewere pamodzi. Palinso china. Ophunzira a pa sukuluyi amalumbira kuti sadzanama, kuba kapena kunyenga. Mu gofu kawirikawiri palibe woyang'anira. Munthu amadziwerengera yekha, ndipo akalakwa m'tchire mopanda womuona ayenera kudziulula mwini.

MABWALO ENA A ASILIKALI

Asilikali a Amereka ali ndi mabwalo oposa 100, ndipo titchulepo ochepa kuti muone kusiyana kwake. Kum'mawa kwa dzikolo, pa mtsinje wa Hudson, kuli sukulu ya asilikali a pamtunda ya West Point, kumene Eisenhower anatsiriza maphunziro mu 1915. Bwalo lake la m'matanthwe ndi m'zitunda analilemba ndi Jones yemweyo, ndipo linatsegulidwa mu 1948. Ku zisumbu za Hawaii kuli bwalo la Kaneohe Klipper, limene maenje ake ena ali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Pacific. Pulezidenti Barack Obama ankasewerako pa tchuthi. Ku California kunali kampu ya Fort Ord imene inatsekedwa mu 1994, ndipo mabwalo ake awiri anapita m'manja mwa mzinda wa Seaside nakhala a aliyense. Pali nthano yakuti mkulu wa asilikali amene anamangitsa loyambalo mu 1954 anali wamanzere, ndipo anakhotetsa njira za bwalolo kutsata kumene mpira wake unkakhotera.

Lodabwitsa koposa liri kunja kwa Amereka, ku Camp Bonifas m'dziko la South Korea, pafupi ndi malire amene anatsala nkhondo ya 1950 mpaka 1953 italeka. Kumeneko dzenje ndi limodzi lokha, mayadi 192, pozungulira pake pali udzu wopanga, ndipo mbali zitatu anakwiriramo mabomba. Mpira ukasochera palibe woutsata.

Si paliponse pamene anthu amavomera. Ku Annapolis, kumene kuli sukulu ya asilikali a panyanja, kuli kale bwalo limodzi lokoma kutsidya kwa mtsinje wa Severn. Mu 2022 kunamveka maganizo omanga lachiwiri pa Greenbury Point, malo a tchire kumene anthu wamba amakayenda ndi kukaona mbalame. Anthu a m'deralo anakana kwamphamvu, nalemba madandaulo, ndipo maganizowo anaimitsidwa. Ngakhale m'dziko lolemera, nkhani ya malo siyamasewera.

Mwa onsewa, la ku Colorado limatamandidwa chifukwa cha mapiri ndi mapaini ake, koma mapiriwo anawapeza alipo kale. Chimene anthu anachita ndi manja awo ndi kusunga udzu wamoyo pa nthaka youma, pa msinkhu wa mafiti 7,000, kuyambira 1959. Ngati nkoyenera kupereka malo ndi madzi otero ku munda wosabala chakudya, owerenga aweruze okha, ndipo amene ali ndi maganizo atilembere. Koma mlimi aliyense angavomereze kuti munthu amene amadzuka kusanache kukaona ngati mipope yathira bwino, nagwada kuyang'ana mizu, ndi mlimi mnzathu, ngakhale sadzakolola kanthu koika m'nkhokwe.