Kiyi Sabwereketsa

Pamene ndinkayamba ntchito m'boma, zinsinsi za ofesi zinkagona m'makabati achitsulo, ndipo makiyi ake ankakhala m'thumba mwa kalaliki wosunga mafayilo. Kiyi akasowa, ofesi yonse inkadziwa tsiku lomwelo chifukwa kabati sinkatseguka. Masiku ano mafayilo a maofesi ambiri padziko anasamukira ku cloud, ndiko kunena kuti makompyuta akuluakulu a makampani monga Amazon, Microsoft ndi Google, omwe amasungira makasitomala ambirimbiri pamalo amodzi. Zili ngati nkhokwe ya mudzi wonse, koma banja lililonse lili ndi chipinda chake.

Kuti mnansi asasuzumire m'chipinda cha mnzake, fayilo imasokonezedwa ndi masamu kotero kuti wopanda kiyi amangoona zilembo zopanda mutu. Njira yotchuka ndi AES, yomwe boma la America linavomereza mu 2001. Kiyi wake wamkulu ali ndi mabiti 256, ndipo palibe kompyuta lero imene ingamupeze pongoyeserayesera. Kiyiyo nayenso amatsekeredwa ndi kiyi wina amene amasungidwa payekha m'makina apadera. Vuto lake n'lakuti kiyi wa pakompyuta akabedwa, mwini wake amatsala naye, pakuti wakubayo amangokopera. Umagona tulo tofa nato, kiyi uli naye, pamene mbala ikulowa ndi kutuluka.

Izi zachitikira ngakhale akuluakulu a ntchitoyi. Mu 2023 akuba a pa intaneti anagwiritsa ntchito kiyi mmodzi wobedwa wa Microsoft n'kuwerenga maimelo a akuluakulu ena a boma la America. Mu 2019 banki ya Capital One inabedwa mbiri ya anthu oposa 100 miliyoni, mwa zina chifukwa chilolezo cha makina ena chinkatsegula zitseko zambiri kuposa zimene ntchito yake inkafuna. Kwathu kuno sitinaiwale Cashgate ya mu 2013. Malipiro abodza ankalowetsedwa mu IFMIS, macheke n'kutuluka, kenako zolembazo n'kufufutidwa. Akafukufuku a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa April ndi September chaka chimenecho. Palibe anathyola chitseko. Anthu analowa ndi zilolezo.

Pa ofesi pathu ntchito yopereka zilolezo inagwera ine. Malamulo ake si ovuta kuwamva. Munthu apatsidwe chilolezo cholingana ndi ntchito yake basi. Wosamutsidwa kapena wopuma pantchito achotsedwe tsiku lomwelo. Makiyi azisinthidwa nthawi ndi nthawi. Wolemba malipiro asakhale yemweyo wowavomereza, pakuti apa chala chimodzi sichiyenera kuswa nsabwe.

Chovuta ndi ulemu umene tinayamwira. Tinaleredwa kuti wamkulu sakanizidwa, ndipo mnzako akakhala pa mavuto umamuthandiza. Bwana akamapita kumsonkhano kunyanja, chapafupi n'kusiyira mlembi wake pasiwedi kuti ntchito isaime. Mnzako akaiwala yake, amati, "Achimwene, tandibwerekani yanu, ndi kanthu kakang'ono." Tsiku lina mkulu wina anandiitana nati, "Mwana wanga, nditsegulire zonse, kodi sundikhulupirira?" Ndinayankha kuti, "Bwana, ndikukukhulupirirani ndithu, koma ndikatsegula zonse m'dzina lanu, chilichonse chikasowa adzayamba kufunsa inu." Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa milungu ingapo moni wathu unali wozizira. M'makhonde ndinamva kuti ena akunditchula wodzimva.

Ndimapirira mayina otere chifukwa ndikudziwa mmene makinawa amachitira umboni. Kompyuta imalemba dzina la mwini chilolezo, nthawi imene walowa ndi chimene wachita, koma siona nkhope ya amene wakhala pampando. Mlandu ukabuka, amene amaima m'khoti ndi mwini pasiwedi, ndipo kawirikawiri amakhala kalaliki wamng'ono amene anachita manyazi kukana. Iyeyo ali ndi ana asukulu ndi makolo kumudzi oyembekezera feteleza kuchokera pa malipiro ake.

Pali enanso amene sadziwa n'komwe kuti ndimawakanira. M'mafayilo a boma muli manambala a akaunti a mphunzitsi wa ku Nsanje, penshoni ya mayi wamasiye wa ku Rumphi, ndi kalata ya dokotala yonena matenda amene munthu sanauze ngakhale mkazi wake. Lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act ya 2024, likuti wosunga zinthu zotere azisamale. Anthuwa sanasankhe ine, ndipo sadzandithokoza. Anapereka mapepala awo pa windo chifukwa analibe kuchitira mwina. Ulemu umene ndili nawo kwa bwana wanga ndi waukulu, koma mayi wamasiyeyo nayenso ndi wamkulu, ndipo kiyi amene ndasunga ndi wake.