Zomwe ndaphunzira pophunzitsa mwana wanga galamala pakhomo

Mtsikana wanga woyamba ali ndi zaka 13 ndipo sapita kusukulu. Kalasi yake ndi tebulo la m'khitchini mwathu muno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo mphunzitsi wake ndine. Lamulo la kuno silivuta: mwana aphunzire masiku 180 pa chaka, kholo lisunge kaundula wa masikuwo. Mabuku umasankha wekha. Ufulu umenewu ndi womwe unandisowetsa tulo pa phunziro limodzi, galamala ya Chingerezi. Mwanayu anabadwa nacho Chingerezi pakamwa ndipo amawerenga mabuku a akuluakulu, pomwe ine ndinachitola m'kalasi ku Dedza. Tinayamba ali mu giredi 6, chaka choyamba cha zaka zitatu zomwe kuno amati middle school. Pano papita zaka ziwiri.

1. Kukhoza zonse si umboni woti mwana wadziwa.

Buku loyamba lomwe ndinagula, dzina ndisunge, linali la mafunso odzaza m'mipata. Ntchito ya chaka chonse anaimaliza m'masabata asanu ndi anayi, osalakwa pafupifupi paliponse. Ndinaimbira foni achemwali anga ku Lilongwe kudzitama. Tsiku lina ndikusenda mbatata ndinangomufunsa mocheza kuti n'chifukwa chiyani pamzere wina walemba whom osati who. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa chifukwa chomwe madzi amanyowetsera. "Zimangomveka bwino choncho, Amayi."

Apa m'pamene ndinatseguka maso. Mwana wowerenga kwambiri amakhoza galamala ndi khutu. Akaona mayankho awiri amasankha lomwe likumukomera, ndipo kawirikawiri amalondola, koma mutamupempha kuti aloze mwininkhani m'chiganizo chachitali cha nthambi zitatu amangokanda m'mutu. Buku lija linkayesa khutu lake, lomwe linali lakuthwa kale. Masiku ano ndisanagule buku lililonse ndimatenga chiganizo chimodzi m'buku lomwe akuwerenga n'kumufunsa mafunso atatu: mneni wamkulu ndi uti, akuchita zimenezo ndani, nanga mpatuliro uwu ukutani pamenepa. Pomwe wakakamira m'pomwe ndimafuna buku latsopano liyambire.

2. Nambala ya giredi yomwe ili pachikuto ndi maganizo a wosindikiza chabe.

Mabuku a Rod and Staff, omwe amasindikiza Akhristu a mpingo wa Mennonite ku Kentucky, amadziwika kuti ndi olimba, moti makolo ambiri amapatsa mwana buku la giredi yotsikirapo popanda manyazi. Mabuku ena a giredi 8 amangobwereza za giredi 5 ndi zilembo zing'onozing'ono. Ndimatsegula kumapeto kwa buku n'kuona mitu itatu yomaliza. Chikuto sindichiyang'ananso.

3. Mabukuwa amasiyana kwambiri pa kayendedwe kuposa pa zomwe amaphunzitsa.

Galamala ya Chingerezi si yambiri monga momwe mashelefu amaonetsera. Mitundu ya mawu ndi isanu ndi itatu yomwe ija: dzina, mlowam'malo, mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu. Kenako akapandamneni, nthambi za chiganizo ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Kusiyana kuli pa momwe wolemba wagawira ndiwozi. Fix It! Grammar imapatsa mwana kachigawo kakang'ono ka nthano tsiku lililonse kuti akonze zolakwika, mphindi pafupifupi 15. Easy Grammar ya Wanda Phillips imayamba ndi kuloweza aperekezi, kenako mwana amakhwatcha mawu onse otsogozedwa ndi mperekezi kuti mwininkhani ndi mneni atsale poyera, ngati kupalira kuti chimanga chioneke. Analytical Grammar, yomwe analemba mphunzitsi Robin Finley, inakonzedwa m'zigawo zitatu, choyamba cha masabata 10 olimbikira kwambiri, kenako mwana n'kupuma, kumangokumbutsidwa apo ndi apo.

Mwana wogwira zinthu msanga kubwereza chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku kumamutopetsa ngati chilango. Ife tinakhazikika pa njira ya Michael Clay Thompson, yemwe analembera dala ana otere. Chiganizo chimodzi chimaunikidwa kanayi. Pansi pa chiganizocho mwana amajambula mizere inayi: pa woyamba amalemba mtundu wa liwu lililonse, pa wachiwiri ntchito yake m'chiganizo, pa wachitatu akapandamneni, pa wachinayi nthambi. Chiganizo chimodzi basi, koma khutu lokha silingakupulumutse. Sindikunena kuti ndiyo njira yokhayo yabwino. Mnzanga wina wa ku tchalitchi mwana wake amakonda masamba odzaza m'mipata, ndipo amalemba bwino kuposa ana ambiri.

4. Kujambula chiganizo n'kothandiza, koma ndi mchere, si ndiwo.

Aamerika ali ndi kachitidwe kena komwe ine sindinakaonepo kwathu. Amajambula mzere wopingasa, mwininkhani kumanzere, kamzere koimirira kodula pakati, mneni kumanja, ndipo mawu ofotokozera amalendewera pansi pa liwu lomwe akulifotokoza, pa timizere topendekeka. Njirayi inafala ndi buku la Alonzo Reed ndi Brainerd Kellogg la mu 1877. Poyamba ndinkaiona ngati masewera otayitsa nthawi. Ndinasintha maganizo tsiku lomwe mwana wanga analemba m'chimangirizo chake chiganizo chonga ichi: pothamangira basi, chikwama chinagwa. Ndinamuuza kuti achijambule. Anafika pa mawu akuti pothamangira basi, pensulo ili m'malere, kusowa powapachika. Dzina lokhalo pamzere linali chikwama. Anaseka mpaka misozi: "Ndiye kuti chikwama chili ndi miyendo!" Cholakwa chimenechi ndinali nditachizunguliza ndi cholembera chofiira kangapo konse, osamva. Atachiona ndi maso ake chikulendewera, sanachibwerezenso kawirikawiri.

Komabe ziganizo ziwiri kapena zitatu pa sabata n'zokwana. Mwezi wina ndinatengeka n'kumamupatsa khumi pa tsiku, ndipo anayamba kujambula mwaluso ngati kalipentala koma maganizo ali kwina.

5. Mwana wachangu amafunika kudumpha pena, kukhalitsa pena.

Cholakwa changa chachikulu chinali kuganiza kuti popeza ndi wanzeru tiyenera kuthamanga buku lonse. Ndinalemba ndondomeko yomaliza ntchito ya zaka zitatu m'chaka chimodzi n'kuimata pafiriji. Mu February, chipale chofewa chochokera ku Lake Michigan chitatitsekera m'nyumba masiku angapo, tinafika pa aneni omwe amagwira ntchito ngati mayina kapena afotokozi, omwe m'mabuku amawatchula kuti gerund ndi participle. Mwana yemwe sanazolowere kulephera analira. Bambo ake anaima pakhomo la khitchini ndi kapu ya tiyi n'kufunsa, "Kodi amake mwana, mukuthamangira kuti? Kuli mayeso a boma mawa?" Kunalibe. Ndinali nditabweretsa mtima wa Sitandade 8 m'nyumba momwe mulibe womupikisana naye.

Pano timachita chonchi. Mutu uliwonse usanayambe amalemba mayeso a kumapeto kwake. Akakhoza n'kutha kundifotokozera chifukwa chake, timadumpha. Mayina ndi afotokozi tinadutsa m'masiku awiri. Pa gerund ndi participle tinakhala masabata anayi, mphindi 15 pa tsiku, masiku anayi pa sabata. Ndondomeko ya pafiriji ija ndinaing'amba.

6. Galamala payokha sisandutsa munthu mlembi.

Izi zinandiwawa kumva nditawononga kale ndalama. Mu 1963 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi ku America, National Council of Teachers of English, linatulutsa lipoti la Richard Braddock ndi anzake lomwe linapeza kuti kuphunzitsa malamulo a galamala paokha sikuthandiza kwenikweni kalembedwe ka ophunzira, ndipo kungathe kuwononga ngati kukudya nthawi yolembera. Mu 2007 Steve Graham ndi Dolores Perin, m'lipoti lawo la Writing Next, anapezanso zofanana, koma anaona kuti kuphunzitsa ana kulumikiza ziganizo zifupizifupi kuti zikhale chimodzi kumathandiza. N'chifukwa chake Lachisanu sititsegula buku. Amabweretsa chomwe walemba sabatayo, timasankha ndime imodzi, ndipo amayesa kulumikiza ziganizo zitatu m'njira ziwiri zosiyana n'kunena yomwe yamukomera. Mayina a galamala aja amagwira ntchito apa: ndikati nthambi iyi yoyima payokha yatalikirana ndi inzake, amadziwa chomwe ndikunena, sitikanganirananso kuti zikumveka bwino kapena ayi.

7. Chichewa chinachita zomwe mabuku onse analephera.

Ichi sindinachikonze. Mwanayu Chichewa amamva, koma poyankhula amapunthwa. Lamlungu lina akucheza ndi agogo ake pa WhatsApp anati, "Agogo, chimanga yanu yakula?" Agogo ake anaseka n'kumukonza: "Chimanga chanu chakula, mdzukulu wanga. Cha, cha." Foni itadulidwa anandifunsa chifukwa chake. Ndinatenga pepala n'kulemba zomwe aphunzitsi athu ankatiloweza: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, Ka-Ti. Mwana wanga wagwa, ana anga agwa. Chingwe changa chagwa, zingwe zanga zagwa. Kambuzi kanga kagwa. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti mneni amavala yunifolomu ya mwininkhani." Mutu wa mgwirizano wa mwininkhani ndi mneni anaukhoza kalekale m'Chingerezi, komwe nthawi zambiri nkhani yonse imathera pa kachilembo kamodzi ka s, koma anali asanauonepo ukugwira ntchito. M'Chichewa khutu lake silimuuza kanthu, choncho amakakamizika kuganiza: dzina ili ndi la gulu liti, mgwirizanitsi wake ndi uti.

Tsopano Lachitatu timaunika chiganizo cha Chichewa pa mizere inayi ija. Pena njirayo imakana, chifukwa liwu limodzi ngati ndinamuona lanyamula mwininkhani, nthawi, pamtherankhani ndi tsinde la mneni, zomwe m'Chingerezi ndi mawu atatu, ndipo amalidula ndi pensulo: ndi-na-mu-ona. Iyenso amandibwezera. Kwathu iye ndi iye, kaya mwamuna kaya mkazi, ndiye ndikatopa ndimasokoneza he ndi she ngakhale ndakhala kuno zaka zambiri. Sabata yatha ndinatchula bambo ake kuti she. Sananene kanthu, anangotenga cholembera changa chofiira n'kuchiika patsogolo panga.