Agogo anatsala mumdima

Pa Khrisimasi yapitayi abale anandipatsa kamera, ati ndine wophunzira. Tinalipo 14 pabalaza, mizere itatu. Nyale ndinaiimika mita imodzi kuchokera kwa ana akutsogolo. Anawo nkhope zinachita kunyezimira ngati tawadzoza mafuta. Agogo, omwe anakana mpando n'kukaima kumbuyo, anangooneka duku basi.

Mnzanga wojambula anadzandiuza mochedwa kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndikanaikokera nyaleyo patali, m'mwamba pang'ono, kapena kuilozetsa kusiling'i yoyera, tonse tikanaoneka bwino.

Agogo anatisiya mu Malichi. Chithunzicho amayi anachipachikabe. Alendo akamachiyang'ana, amayi amaloza ndi chala pamdimapo: "Mayi anga ndi awa."