Mawaya Awiri, Batire Imodzi

Linali Lacitatu la mu Julayi 2024, m'mawa wozizira, ndipo ndinali kulemba lamulo la Ohm pa bolodi pamene fungo la mango linandipeza kucokera kumbuyo kwa kalasi. Aliyense wokulira mu Lusaka adziwa kuti mu Julayi mulibe mango. Ndinamaliza mzere umene ndinali kulemba, n'kuika coko pansi, n'kupita kwa mnyamata wa Giredi 11 amene amakhala pafupi ndi windo losweka. Sanalimbane nane. Anapisa dzanja m'sokosi n'kutulutsa kacitsulo kooneka ngati toci yaing'ono. Inali vape.

"Ba Sir, nenze kuitesta cabe," anatero.

Ndinaiponya m'thumba la jekete n'kumuuza kuti andipeze mu labu pa break. Mnyamatayu ndimamudziwa bwino. Tonse timakhala mu Ng'ombe, ndipo amai ake ndiwo amandigulitsa tomato ndi repu pamsika. M'mayeso a physics a teremu yapita sanafike ngakhale theka la mamaki. Kunena zoona, ndinali nditamuika kale m'gulu la ana amene timangowaperekeza mpaka Giredi 12.

Mu labu ndinamasula kacipangizoko. Sikanali ka mtundu uja wotaya kakatha. Mkati munali timawaya tiwiri topotedwa bwino ngati sipuling'i ya m'bolopeni, tofanana ndendende, thonje litalowetsedwa pakati pa kalikonse. Ndinafunsa amene anapota.

"Ni ine, Ba Sir. Nimamangila ba ku UNZA na ba mu Kalundu. Coil imodzi ni K20."

Ndinali nditakonzeka kumukalipira, koma iye anandiyambirira.

"Manje Ba Sir, pali vamene sinimvela. Pa ma device ya ma customer, nikaika coil imodzi imapya pamene apo. Nikaika yabili, resistance imatsika, koma yamacedwa kupya. Nanga si resistance ikatsika current imakwela?"

Ndinakhala cete. Caka conseco palibe mwana amene anandifunsa funso labwino cotero. Georg Ohm anafalitsa lamulo lake mu 1827, ine ndaliphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ana ambiri amangoliloweza ngati vesi la ku Sande Sukulu. Uyu analipeza ndi zala zake, ndipo anali atafika pamene lamulolo palokha silikwanira.

Uphunzitsi unandigwira, ndinatola coko. Ndinamuonetsa kuti mawaya awiri a 0.6 ohm akalumikizidwa mbali ndi mbali amapanga 0.3 ohm, cifukwa magetsi apeza njira ziwiri, monga anthu otuluka m'chalichi pa makomo awiri. Mpaka apo anali wolondola. Koma kufulumira kutentha kumadalira zinthu zina ziwiri: kuculuka kwa citsulo cofunika kutenthetsa, ndi mphamvu imene cikulandira. Zipangizo za makasitomala ake zili ndi sikirini, ndipo mwini amasankha yekha mawati. Akasankha 40, waya mmodzi amadya 40 yonse. Akakhala awiri, aliyense amalandira 20 cabe.

"Uli ndi malasha okwanira poto imodzi," ndinatero, "ndiye waika mapoto awiri pa mbaula. Madzi awira liti?"

Anaseka. Kenako anayamba kundiuza zimene anaona yekha: kuti waya wonenepa uli ndi resistance yocepa koma umacedwa kufiira, kuti Nichrome imafulumira kuposa Kanthal, kuti mawaya awiri akasiyana pang'ono, mmodzi amafiira msanga n'kupsereza thonje mnzake asanayambe. Zonsezo n'zoona. Cimene analibe ndi mayina a m'buku basi.

"So nifunika cabe kuonjezela power," anamaliza motero, nkhope ikuwala.

Apo m'pamene ndinadzidzimuka. Ndinali nditangomuthandiza kupanga bwino cinthu cimene ndinamulanda.

Ndinatulutsa batire m'kacipangizo kake. Inali ya 18650, dzina locokera ku kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali. Pulasitiki yake inali yong'ambika pamutu. Anati anaicotsa mu laputopu yakufa. Kake kanalibe sikirini kapena kalikonse koteteza, batani cabe ndi citsulo. M'kotere, njira yokha yoonjezera mphamvu ndi kutsitsa resistance, ndipo iye anali atafikitsa mawaya ake pa 0.2 ohm. Ndinamupatsa coko.

"Batire yodzaza ili ndi mavoti 4.2. Gawa ndi 0.2."

Analemba 21.

"Ma ampeya 21 amenewo. Batire ya mu laputopu inapangidwa kuti ipereke ma ampeya ocepa pang'onopang'ono kwa maola. Ukaikakamiza cotere imatentha, ndipo lithium ikatentha mopitirira imatha kuphulika. Citsulo ici umaciika pakamwa, kenako m'sokosi."

Anayang'ana nambala ija nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti linali tsiku loyamba samu ya physics kumuopsa pa cifukwa coyenera.

Za batire zinali zosavuta kunena, poti nambala siinama. Covuta cinali utsi weniweniwo, cifukwa ine pa nkhani ya fodya manja anga si oyera. Atate anali kulima fodya kufupi ndi Chipata, ndipo ndalama za fodya ndizo zinandifikitsa ku UNZA. Iwo eni anali kukoka balani wokulunga m'nyuzipepala kuyambira ali mnyamata. Ndikabwera ku holide, cimene cinali kundidzutsa m'mamawa sanali tambala, cinali cifuwa cawo kuseri kwa nyumba. Anayesa kuleka kangapo, osatha.

Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China amene anapanga ndudu ya magetsi yamakono mu 2003, nayenso anali wokoka fodya, ndipo atate ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Iye anafuna njira yothawira utsi wa ndudu. Koma mnyamata wanga sanali kuthawa ndudu iliyonse. Anali asanakokepo. Nikotini anaiyambira pa fungo la mango, poyesa coil iliyonse asanaipereke kwa mwini. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo nikotini imagwira msanga ubongo umene ukali kukula. Waya ukafulumira kutentha, nthunzi imaculuka, nikotini imafika yambiri. Luso lake lonse linali kufupikitsa njira yopita kumene atate anga analephera kubwererako.

Mwa malamulo a sukulu, ndinayenera kumupereka ku ofesi, ndipo akanamutumiza kunyumba kwa masiku. Sindinatero. Mwina ndinalakwa, ndipo aphunzitsi anzanga akawerenga izi adzandiuza. Loweruka ndinapita pamsika kwa amai ake, ndinagula tomato, n'kuwapempha kuti tiyime pambali.

"Ba Ticha, uyu mwana ananiuza ati akonza mafoni," anatero nditafotokoza. Anakhala cete, akupukuta manja pa citenje. Ndinayembekezera kuti andithokoza. M'malo mwake anafunsa, "Manje malasha azagula ndani?"

Ndinalibe yankho. Caka cimeneco cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, ndipo malasha anakwera mtengo. Ma K20 a mnyamatayo ndiwo anali kuyatsa mbaula panyumba pawo. N'kosavuta kwa ine wolandira malipiro pakutha kwa mwezi kuuza mwana kuti aleke.

Yankho linabwera usiku womwewo, ndikuconga mabuku ndi toci ya pafoni. Ng'ombe yonse inali mumdima. Mabatire a mu laputopu aja, oopsa mu vape, ndi oyenera bwino mu nyale, cifukwa ma LED ocepa sakoka ngakhale ampeya imodzi. Lolemba ndinamuitana. Tinagula ku Town timabolodi tocajira tokhala ndi citetezo, tinasankha mabatire osang'ambika, ong'ambika tinaika pambali. Nyale yoyamba anaimanga m'kabotolo ka mafuta odzola. Anawerengera yekha kukula kwa resistor, ndipo anapeza bwino ulendo woyamba.

Sindikuuzani kuti zonse zinayenda myaa. Nyale imatenga madzulo onse kumanga, coil inali kutenga mphindi zocepa, ndipo anthu a m'komboni amakonda kutenga pa nkhongole. Ndalama zinacepa. Masabata oyamba anali waukali, mutu ukumupweteka, ndipo kawiri ndinamvanso fungo la mango pa yunifomu yake. Ulendo waciwiri sindinalankhule. Iye yekha anati, "Ba Sir, nikuyesa. Ni yovuta." Ndinamukhulupirira, cifukwa mau amenewo ndinawamvapo kwa atate.

Inu acinyamata amene mumapota mawaya kuseri kwa mashopu, mumasula mafoni, mumalumikiza ma solar a anthu: zimene mucita ndi physics yeniyeni, ndipo ena a inu muidziwa kuposa amene amakhoza mayeso. Ife aphunzitsi timacedwa kukuonani. Koma musanafunse kuti waya ufulumire bwanji, gawani mavoti ndi ma ohm muone nambala, ndipo mufunsenso kuti cimene mukutenthetsaco cikupita m'cifuwa ca ndani.

Vape ija ikali m'dirowa yanga mu labu, yopanda batire. Mu Okutobala ndinadutsa pamsika usiku, magetsi atazima monga mwa masiku onse. Pa thebulo la amai aja panali kabotolo ka mafuta odzola kakuwalitsa milu ya tomato, ndipo matebulo ena atatu anali ndi tofanana nako. Sabata yotsatira ndinapereka mayeso. Funso lacinayi linali la ma resistor awiri olumikizidwa mbali ndi mbali. Mnyamata wa pa windo losweka analiwerenga, anakweza mutu n'kundiyang'ana, kenako anawerama n'kuyamba kulemba.